MAWU A MBUSA: KWA AMENE AMADZIYESA MTENGO WOUMA

Tiwerenge: Yesaya 56:1-8 ndi 1 Samueli 1:1-18

Mvula yobzalira yafika kuno ku Angónia, chimanga chayamba kuoneka m'mizere, ndipo m'mipingo yathu ana akuphunzira nyimbo ndi masewero a Khrisimasi. Ino ndi nyengo imene timalankhula kwambiri za ana: mwana wa Elizabeti, mwana wa Mariya, ndiponso ana athu amene makolo amabwera nawo ku ubatizo chaka chisanathe. Koma mwezi uno tafuna kulankhula ndi abale ndi alongo amene nyengo yomweyi imawalasa mtima, amene akhala m'banja zaka zisanu, khumi, ena makumi awiri, koma pakhomo pawo sipanamvekepo kulira kwa khanda. Tilankhulanso ndi mpingo wonse, pakuti gawo lina la katundu amene iwowa asenza tinawasenzetsa ndife.

Kulakwa kwathu

Tiyambe ndi kuulula kulakwa kwa ife eni. Titangotsiriza maphunziro a ubusa, tinatumizidwa ku mpingo wina wa kumudzi, kufupi ndi phiri la Domwe. Kumeneko kunali banja lina lokonda Mulungu. Bambo anali mtumiki, mayi anali wa Chigwirizano, ndipo anali atakhala zaka 9 osapatsidwa mphatso ya mwana. Lamulungu lina titabatiza makanda, tinaona mayiwo atakhala pa mpando wakumbuyo, atazolika. Potuluka tinawagwira chanza, ndipo pofuna kuwalimbikitsa tinati, "Mayi, musadandaule. Chaka chamawa nthawi ngati ino mudzabwera ndi wanu kumbuyo." Iwo ananyonyomala pang'ono nati, "Zikomo abusa."

Chaka chinatha, mwana sanabwere. Mayi aja anayamba kujomba ku mapemphero, makamaka pa tsiku la ubatizo. Titapita kukawayendera, anatiyalira mphasa, nakhala chapatali, nati, "Abusa, mawu aja munanena pamaso pa anthu. Tsopano m'mudzi muno akuti ngati zakanika ngakhale abusa atanena, ndiye kuti chilipo chimene ndinachita. Kodi ine ndinachita chiyani?"

Tinasowa choyankha. Tinali titalonjeza m'dzina la Mulungu chinthu chimene Mulungu sanatiuze, ndipo wolipira ngongole ya mawu athu anali mayi wosalakwa.

Chisoni chopanda siwa

Pamudzi pakagwa zovuta, tonse timadziwa chochita. Amayi amabwera ndi ufa ndi nkhuni, abambo amapita kukakumba manda, a kwaya amachezera kuimba, ndipo ofedwa sagona okha. Koma chisoni cha kusabereka chilibe siwa, chilibe manda, chilibe tsiku lopepesa. Chimabwera mwezi ndi mwezi, mwakachetechete, ndipo m'mawa mwake mayiyo amanyamula khasu ngati palibe chachitika.

Kwathu kuno mayi timamutchula ndi dzina la mwana wake, amake a uje, ndipo bambo chimodzimodzi. Amene alibe mwana amakalamba akuitanidwabe ngati mtsikana. Kuseri amapatsidwa maina ena opweteka, chumba kwa mkazi, gojo kwa mwamuna. Kumene ukwati uli wa chikamwini, mkamwini wopanda mwana amakhala ngati mlendo wodikira kupitikitsidwa. Kumene kunaperekedwa malowolo monga mwa mwambo wa Angoni, achibale amayamba kufunsa kuti ng'ombe zawo zinagula chiyani. Kenaka amabwera alangizi: uyu akuti kwatira wachiwiri, uyo akuti lowetsani fisi m'nyumba usiku, winanso akudziwa sing'anga kapena mneneri wodziwa kumasula. Mbuzi zimatha m'khola, ndalama za mbatata ndi za fodya zimathera m'njira, ndipo potsiriza chala chimaloza nkhalamba ina kuti ndiyo inamanga mimba. Banja limene linali ndi vuto limodzi limatsala ndi mavuto anayi: lilibe mwana, lilibe chuma, lilibe mtendere ndi abale, ndipo chikumbumtima chalemedwa.

Funso limene limawasowetsa tulo si la lero lokha. Adzatisamala ndani tikakalamba? Munda uwu udzakhala wa yani? Dzina lathu adzalitchula ndani? Awa ndi mafunso oona, ndipo Mkhristu sachimwa powafunsa.

Zimene Malembo aphunzitsa

Buku Lopatulika silibisa misozi imeneyi. Sara, Rebeka, Rakele, amake a Samsoni, Hana ndi Elizabeti, onsewa anaidziwa. Rakele anafika polakalaka imfa, ndipo iye ndi Yakobo anayankhana mawu aukali (Genesis 30:1-2). Sara anatopa ndi kudikira, napereka mdzakazi wake Hagara kwa Abrahamu, ndipo nzeru imeneyo, imene siisiyana kwenikweni ndi nzeru ya fisi, inabala chidani m'nyumba (Genesis 16). Hana ankasautsidwa ndi mkazi mnzake chaka ndi chaka, makamaka pa ulendo wopita ku nyumba ya Yehova ku Silo. Taonani abale, malo opembedzera ndiwo anasanduka malo a chitonzo. Ngakhale wansembe Eli anayamba wamuweruza molakwa, namuyesa woledzera pamene iye anali kupemphera. Ife sitinali oyamba mwa atumiki a Mulungu kulankhula tisanamvetse.

Luka atiuza momveka kuti Zakariya ndi Elizabeti anali olungama pamaso pa Mulungu, ndipo mu mpweya womwewo atiuza kuti analibe mwana kufikira ukalamba (Luka 1:6-7). Mawu awiriwa ayikidwa pamodzi kuti pasapezeke wonena kuti kusabereka ndi chilango cha tchimo lobisika. Ambuye Yesu anakananso kuganiza kotere pamene ophunzira anafunsa za munthu wobadwa wosaona (Yohane 9:1-3).

Komabe pali msampha umene ife alaliki timagwamo. Nkhani zonse za amayi tatchulawa zimathera pa kubadwa kwa mwana, choncho timazilalikira ngati lamulo: pemphera ngati Hana, nawenso udzanyamula Samueli wako. Nanga amene wapemphera zaka makumi atatu, nyengo yake yobereka n'kudutsa, tidzati analibe chikhulupiriro? Mulungu amapatsa ana mozizwitsa, ndipo tisaleke kumupempha. Koma sanalonjeze mwana kwa wokhulupirira aliyense.

N'chifukwa chake tasankha Yesaya 56. Pamenepa Mulungu alankhula ndi mfule, munthu amene sakanabereka konse, amene chilamulo chinamuletsa kulowa mu msonkhano wa Yehova (Deuteronomo 23:1). Munthu ameneyu ankadziona ngati mtengo wouma, ndipo Mulungu amuletsa kudzitchula choncho. Samulonjeza mwana. Amulonjeza malo ndi dzina m'nyumba mwake, dzina loposa limene ana aamuna ndi aakazi akanamusungira, dzina losafafanizika. Patapita zaka mazana ambiri, mdindo wa ku Etiopia, munthu wa ku Africa kuno, wokhala mu mkhalidwe womwewo, anali kuwerenga buku lomweli la Yesaya pa galeta wake pamene Filipo anamupeza. Anafunsa ngati panali chomuletsa kubatizidwa, ndipo panalibe. Anapita kwawo akukondwera, wopanda mwana monga anabwerera, koma ali mwana wa Mulungu (Machitidwe 8:26-39). Ndipo tisaiwale kuti Mpulumutsi wathu mwini sanasiye mwana wa thupi pa dziko lino, koma ife tonse tili mbumba yake.

Tipite ku chipatala, tipite awiri

Chikhulupiriro sichidana ndi chipatala. M'chaka cha 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu akuluakulu 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka nthawi ina pa moyo wake, ndipo chiwerengerochi sichisiyana kwambiri pakati pa maiko olemera ndi osauka. Tsono si tsoka la mudzi wanu wokha, kapena la mtundu wanu wokha. Achipatala amalangiza kuti banja likakhalira pamodzi miyezi 12 popanda kulera, mimba osaoneka, lipite kukayezedwa.

Tinene mosabisa kwa abambo: vuto limapezeka mwa mwamuna kawirikawiri monga limapezekera mwa mkazi. Koma m'midzi mwathu wonyamula manyazi ndi mkazi yekha, ndipo wopita ku chipatala ndi mkazi yekha. Bambo wachikhristu amene akana kuyezedwa, nalola mkazi wake kutukwanidwa ndi alongo ake, sakukonda mkazi monga Khristu anakondera mpingo.

Zina mwa zoyambitsa vutoli ndi matenda opatsirana pogonana monga chinzonono amene sanachizidwe msanga, matenda olowa m'chiberekero mayi akapita padera kapena akachira popanda chisamaliro chabwino, ndiponso likodzo limene timalitenga m'madzi a m'madambo. Matendawa angathe kutseka njira imene dzira limadutsa, kapena kufooketsa mbewu ya bambo. Ena mwa mavutowa amachizika akapezeka msanga, ena sachizika, ndipo nthawi zina madokotala sapeza chifukwa chilichonse. Yambirani pa chipatala chapafupi. Iwo angathe kukutumizani ku chipatala cha ku Vila Ulongwe kapena chachikulu cha ku Tete. Ndi bwino kudziwa choonadi kusiyana ndi kutha chuma pa zithumwa.

Mapiri athu

Tibwerere ku banja lija, koma tiyambe takumbutsana za dziko limene tikukhalamo. Ambiri a ife amene lero tili ndi zaka za m'ma 40 tinali ana pamene nkhondo inatithamangitsira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Malawi inalandira anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tinabwerera ndi mitolo pamutu, ndipo aliyense anafuna mitengo: milimo ya nyumba, nkhuni zootchera njerwa, minda yatsopano, zigafa za fodya, kenaka makala. Sitinaganize zobwezera. Lero mukayenda pa msewu wochokera ku Calómuè kupita ku Ulongwe, mukaona kankhalango ka mitengo yachilengedwe, kawirikawiri ndi manda. Tasungira mthunzi akufa, amoyo tawasiya padzuwa. Amayi akuyenda mtunda wautali kufuna nkhuni, ena akuphikira zitsononkho ndi mapesi, ndipo mvula ikagwa nthaka yachonde imakokoloka kutsikira ku mitsinje.

Chaka china mphepo inasasula denga la tchalitchi cha mpingo uja, pakuti chinaima poyera popanda chotchinga. Akulu a mpingo anagwirizana kuti pabzalidwe mitengo, koma mbande zinalibe wofesa. Amene anadzipereka anali bambo ndi mayi aja. Anatchinga kamalo m'dimba mwawo pafupi ndi chitsime, nadzaza dothi losakaniza ndi manyowa m'machubu, ena m'mapepala a shuga. Anafesa bulugamu ndi paini wotchinga mphepo, mbawa yobzala m'mbali mwa mtsinje, mapichesi ndi mapeyala. Mayiwo ankatola njere za masuku nyengo yake ikafika, n'kuzifesa nthawi yomweyo, popeza njere ya msuku ikauma siimera bwino. Chaka choyamba mbuzi ndi chiswe zinaononga mbande zambiri. Chaka chachiwiri anayambanso.

Ife poona zimenezi tinakondwa, ndipo tinatsala pang'ono kulakwanso. Tinali titayamba kale kukonza ulaliki m'mutu mwathu. Koma mayiwo anatitsogolera nati, "Abusa, chonde musadzaime pagome n'kunena kuti mitengoyi ndiyo ana anga. Mtengo si mwana. Suyamwa, suitana amayi. Chimene chachitika n'chakuti m'mawa ndili nacho chondidzutsa, ndipo ndikamathirira ndimatha kulankhula ndi Mulungu osamukwiyira monga kale."

Mawu amenewa tawasunga mpaka lero. Banjali silinaberekebe, ndipo nyengo yawo inapita. Bambo aja anakana mitala ngakhale abale awo anawaumiriza kwambiri. Mitengo inakula. Denga la tchalitchi silinasasukenso, ana a Sukulu Sande amaphunzirira pamthunzi, ndipo mapichesi akapsa ana a m'mudzi wonse amadziwa khomo loyenera kupitako. Pa tsiku la ubatizo misozi imawalengezabe mayi aja, koma sakhalanso kumbuyo.

Chiyembekezo chogwira khasu

Kodi mtengo ungathandize bwanji mtima wosweka? Sitikunena kuti kubzala mtengo ndi mankhwala a kusabereka, ndipo si malonda ndi Mulungu akuti ndakubzalirani mitengo zana, tsono ndipatseni mwana. Tikunena kuti chisoni cha kusabereka chimauza munthu bodza lakuti alibe gawo m'tsogolo, kuti zonse zidzathera pa iye. Wobzala mbawa amatsutsa bodza limeneli ndi manja ake, pakuti amadziwa kuti matabwa ake adzacheka ndi ena, mwina amene sanabadwe. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mu mpingo mawuwa ali ndi mphamvu yoposa, chifukwa pa ubatizo wa khanda lililonse mpingo wonse umatenga udindo wothandiza kulilera m'chikhulupiriro. Wopanda mwana m'nyumba sali wopanda ana mu mpingo.

Alimi amaudziwa mtengo wa msangu. Nthawi ya dzinja, mitengo yonse ikamabiriwira, msangu umayoyola masamba n'kuoneka ngati wauma. Mlendo angathe kuutengera nkhwangwa. Koma masamba ogwawo ndiwo amadyetsa nthaka, ndipo chimanga cha pansi pake chimakula bwino popeza palibe mthunzi wochitchinga. Chilimwe chikafika, mitengo ina itayoyoka, msangu ndiwo umakhala wobiriwira, ziweto n'kumadya zipatso zake. Uli ndi nyengo yake, ndipo umabala m'njira yake. Tisafulumire kutchula munthu wouma chifukwa sanaphuke pa nyengo imene anzake anaphuka.

Mbiri ya Uthenga Wabwino kuno kwathu ichitira umboni chimodzimodzi. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anatsegula mishoni ya Mphatso m'chaka cha 1909, ndipo m'chaka cha 1922 boma la Apwitikizi linaitseka. Kwa zaka zambiri Akhristu a kuno analibe mbusa wokhala pakati pawo, ndipo ankadutsa malire wapansi kukalandira Mgonero ku mipingo ya ku Malawi. Woona ndi maso akanati mtengo wauma. Koma mizu inali yamoyo. Lero ku Vila Ulongwe kuli sukulu yophunzitsa abusa yotchedwa Hefsiba, dzina lochokera pa Yesaya 62:4, pamene Mulungu asintha dzina la mkazi wosiyidwa ndi la dziko labwinja, nanena kuti akondwera naye. Pa vesi limodzi lomwelo Mulungu akumbukira mkazi wotonzedwa ndi nthaka yoonongeka.

Tichite chiyani tsono?

Choyamba, tisamale lilime. Funso lakuti "Kodi simunayambebe?" kapena nthabwala za pa chitsime ndi pa ukwati zimabaya kuposa mkondo. Paulo atilamula kulira pamodzi ndi olira (Aroma 12:15). Nthawi zina utumiki woposa ndiwo kukhala pamphasa osanena kanthu.

Chachiwiri, abusa ndi akulu a mpingo tisalonjeze chimene Mulungu sanalonjeze. Pa tsiku la ubatizo, pa Khrisimasi ndi pa 1 Juni pamene dziko lathu likondwerera ana, tiwakumbukire m'pemphero amene akudikira ndi amene analeka kudikira, popanda kutchula maina awo.

Chachitatu, alangizi a mabanja aphunzitse achinyamata asanakwatirane kuti ukwati wachikhristu ndi wathunthu ngakhale popanda mwana, ndipo kusabereka si chifukwa chothetsera banja kapena chotengera mkazi wachiwiri.

Chachinayi, tisawamane maudindo. Wopanda mwana angathe kukhala mkulu wa mpingo, mtsogoleri wa Chigwirizano, mphunzitsi wa Sukulu Sande. Ndipo akakalamba, mpingo uyankhe funso lija lakuti adzatisamala ndani: achinyamata akafolere nyumba yawo, akalime munda wawo.

Chachisanu, tibzale mitengo tonse, obereka ndi osabereka, kuti ntchitoyi isasanduke chizindikiro cholozera anthu ena. Mu ulamuliro wa Pulezidenti Armando Guebuza boma linapempha kuti mwana wa sukulu aliyense abzale mtengo ndipo mfumu iliyonse ikhale ndi nkhalango. Ku Kenya mayi Wangari Maathai anayamba m'chaka cha 1977 kulimbikitsa amayi a kumudzi kubzala mitengo, ndipo analandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2004. Ife tili ndi chifukwa chakale kuposa onsewa, pakuti ntchito yoyamba imene Mulungu anapatsa munthu inali kulima ndi kusunga munda (Genesis 2:15). Nthawi yookera mbande ndi ino, Disembala ndi Januwale, nthaka itanyowa bwino. Kumbani dzenje lokwanira, thirani manyowa owolerana, chotsani chubu musanakwirire, ndipo tchingirani mbuzi. Bulugamu musabzale pafupi ndi kasupe kapena chitsime, pakuti amamwa madzi ambiri. Kumeneko ikani mbawa ndi mitengo ina yachilengedwe. Chilimwe chikayandikira lambulani mozungulira kuti moto usalowe. Ndipo mpingo uliwonse uyambe nazale yake mu Ogasiti kapena Seputembala, kuti chaka chamawa tisadzasowe mbande.

Kwa inu mlongo wathu, kwa inu mbale wathu, amene mwawerenga tsamba lino mtima ukugunda: sitikuuzani kuti chaka chamawa mudzanyamula mwana, pakuti sitidziwa, ndipo tinaphunzira ndi manyazi kusanena chimene sitidziwa. Chimene tidziwa ndi ichi: simuli otembereredwa, misozi yanu si kusakhulupirira, ndipo m'nyumba ya Mulungu muli ndi malo ndi dzina limene palibe angalifafanize. Ngati mpingo unakupwetekani ndi mawu, monga ife tinapwetekera mayi aja, tikupempha mutikhululukire. Bwerani mudzakhale kutsogolo.

Tipemphere: Atate wathu wakumwamba, Inu munamva Hana pamene milomo yake inkangogwedezeka popanda mawu. Imvani ana anu amene akulira m'tseri m'midzi yathu. Kumene kuli kufuna kwanu, apatseni mphatso ya ana. Kumene mwakonza njira ina, apatseni mphamvu ndi mtendere woyendamo. Sungani mabanja awo m'chikondi, tsekani pakamwa pathu pa mawu opweteka, ndipo dalitsani mbande iliyonse imene tidzaoka m'dzinja lino. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.

Chisomo cha Ambuye chikhale nanu nonse kufikira tidzakumanenso pa tsamba lino mwezi wamawa.

Ndine wanu mu utumiki,
Mbusa wanu